Zikuto Ziwiri za Nthano Imodzi

Kwathu kwa Mwase, Meyi ndi mwezi umene ngakhale nsima imamveka fungo la fodya. Masamba amakhala atauma m'zigafa, ndipo banja lonse limalawirira pamphasa chinyezi cha m'mawa chisanathe: kusankha tsamba ndi tsamba, kumanga mindindi, kudikira tsiku limene jeke yodindira mabelo idzafike pakhomo. Ndidali pa ntchito yomweyo pamene mwana wa mlongo wanga adandikodola n'kundiika foni pamphuno.

"Amalume, paja inu mumati mabuku mumawadziwa. Tandisankhirani apa."

Pagalasi la foniyo, lomwe lili ndi mng'alu wochokera pakona kufika pakati, padali zithunzi ziwiri. Mnyamatayu amajambula katuni. Amayamba ndi pensulo papepala, n'kudutsitsamo bolopeni yakuda, n'kulijambula pepalalo ndi foni, ndipo Loweruka lililonse amatumiza gawo latsopano ku gulu la pa WhatsApp ndi patsamba lake la pa Facebook. Nthanoyo adaitcha "Ng'ombe ya Maŵa". Ndi ya kamtsikana kamene bambo ake adachoka ku Mulanje kudzakhala tenanti pa esiteti ina kuno ku Kasungu. Chaka ndi chaka bamboyo amalonjeza kuti fodya akagulidwa agula ng'ombe, ndipo chaka ndi chaka ngongole ya chimanga ndi feteleza imadya ndalamazo asanazigwire m'manja. Utenanti udaletsedwa ndi lamulo mu 2021, koma kuno palibe amene amafunsa kuti nthanoyi ikunena chiyani.

Magawo atakwana khumi ndi awiri, adaganiza zowasonkhanitsa kuti akhale buku limodzi lowerengera pafoni, ndipo buku limafuna chikuto. Apa m'pamene adapezeka ali ndi ziwiri. Choyamba adamupangira bambo wina wolemba zikwangwani pa boma la Kasungu, mmisiri wa burashi ndi utoto amene dzanja lake mumaliona pa magolosale, pa malo ometera ndi kumbuyo kwa ngolo. Chachiwiri adamutumizira mnzake wa kusukulu amene tsopano ali ku Lilongwe, ndipo iye adachipanga usiku umodzi ndi pulogalamu ya pafoni. Ndidapempha sabata yathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndidayamba ndi kuvomereza kuti funso limeneli kwa ife ndi lachilendo. Amene tidakula tikuwerenga Zabweka ndi Pewani wa Brian Hara, kapena Joza wa Vic Kasinja, za chikuto sitidaziganizepo, chifukwa makatuni amenewo ankabwera ali kumsana kwa nyuzipepala. Nyuzipepala ndiyo inkaitana wogula. Katuni inkangodikira patsamba lake, ndipo owerenga ankadziwa pokaipeza. Katuni ya pa intaneti ilibe woibereka. Imafika pafoni pakati pa uthenga wa maliro, chithunzi cha ukwati, ulaliki ndi malonda a nsapato, ndipo poyamba imaoneka ngati kabokosi kochepa kuposa bokosi la machesi. Munthu amakhala ndi kamphindi koti aganize ngati pali poyenera kuthera bandulo. Ku South Korea, kumene makatuni otere adakula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ojambula adafika posintha kaimidwe ka nthano yonse kuti izitsika kuchokera pamwamba kupita pansi, motsatira chala cha wowerenga. Ndiye muyezo wanga udakhala uwu: pa zikuto ziwirizi, n'chiti chimene chingaimitse chala cha munthu wa ku Chinkhoma kapena ku Santhe, pafoni yaing'ono, padzuwa la masana, n'kumuuza zoona za nthano ili m'katimo?

Tiyambe ndi chithunzi. Chikuto cha wolemba zikwangwani chadzaza ngati msika wa pa mapeto a mwezi. Kumbuyo kuli phiri la Kasungu, loima lokha pachidikha monga limaonekera ukamabwera pamsewu wa M1. Patsogolo pake pali zigafa zitatu zofolera udzu, ngolo yodzaza mabelo, bambo wa malaya ong'ambika paphewa, mayi wobereka mwana, galu, nkhuku, ndipo pakona pali kamtsikana kaja kakuyang'ana kumwamba, kumene mtambo wapanga maonekedwe a ng'ombe. Mmisiriyo adajambula zonsezi pathabwa lalikulu ngati theka la chitseko. Ukaima pafupi ndi thabwalo sufuna kuchokapo. Chilichonse ndi chathu: nsanamira za chigafa ndi za mphanda, ng'ombe zokoka ngolo zili ndi linunda ngati za m'makola mwathu, ndipo chitenje cha mayiyo chamangidwa momwe amamangira munthu wopita kumunda.

Koma thabwa si foni. Litajambulidwa n'kutumizidwa, zonse zija zidapanikizana m'kabokosi kaja. Zithunzi zotumizirana pafoni zimachepetsedwa kuti zisadye bandulo yambiri, ndipo zoyamba kufa ndi tinthu tating'onoting'ono. Galu adasanduka dontho, mabelo adakhala ngati njerwa, ndipo ng'ombe ya mumtambo, yomwe ndi mtima wa nthano yonse, idangokhala mtambo. Kamtsikana, mwini nkhani, umayenera kuchita kukafunafuna.

Chikuto cha ku Lilongwe chili ndi chinthu chimodzi basi: nkhope ya mtsikana, yaikulu, yodzaza theka la malo, maso ali pa wowerenga. Kumbuyo kulibe kanthu, ndi buluu wozama yekhayekha. Ngakhale uchichepetse bwanji, maso aja amakupeza. Pamenepa mnyamata wa ku Lilongwe adapambana, ndipo sudali mwayi chabe. Diso la munthu limathamangira nkhope lisanaone china chilichonse. N'chifukwa chake agogo osadziwa kuwerenga sasokoneza K200 ndi K500: amadziwa kuti apa pali Rose Chibambo, apa pali John Chilembwe.

Vuto ndi lakuti nkhope ya pachikutocho si ya mwana wa tenanti. Tsitsi ndi lowongoka, louluka ndi mphepo. Chibwano ndi chosongoka. Maso ndi aakulu, onyezimira ngati a m'makatuni a ku Japan. Khungu ndi losalala, silidakumanepo ndi fumbi la fodya. Mtsikana wotere angakhale wa mzinda uliwonse padziko, kupatula pamzere wa nyumba za matenanti. Wina anganene kuti ntchito yamakono iyenera kuoneka choncho, koma anansi athu a ku Zambia adatsutsa kale zimenezo. Supa Team 4, katuni ya Malenga Mulendema imene idayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023, ndi yamakono kotheratu, komabe atsikana ake ndi a ku Lusaka, tsitsi ndi khungu lomwe. Pa chikuto chathuchi, wokopeka ndi nkhope ija akatsegula n'kupeza chigafa ndi ngongole ya feteleza adzamva kuti wanamizidwa. Pamene amene nthanoyi ikadamukhudza, wokulira pa esiteti, adzadutsa osadziwa kuti idali yake. Chikomekome cha mkuyu timachidziwa. Apa zidatembenuka pang'ono: m'kati mulibe nyerere, koma khungu ndi la chipatso china.

Pa mitundu sipofunika kukhalitsa, chifukwa onse awiri adaphonya, aliyense mwa njira yake. Wolemba zikwangwani adagwiritsa ntchito utoto umene uli m'zitini zake: wofiira, wachikasu, wobiriwira, wakuda ndi woyera, womwewo wopakira magolosale. Ndi mitundu yolimbana ndi dzuwa, yosankhidwa ndi munthu wodziwa kuti ntchito yake imagona panja mvula ndi chilimwe. Koma adaipatsa yonse isanu mphamvu yofanana, ndiye imalimbana yokhayokha ngati oimba asanu aliyense ndi nyimbo yake. Buluu wa chikuto chachiwiri ndi wokongola usiku m'nyumba, foni ikuwala mokwanira. Ndidatuluka nacho panja nthawi ya nkhomaliro, kuwala kwa foni nditakuchepetsa monga amachitira aliyense amene amalipira kuti atchajitse pa sola, ndipo chikutocho chidangoda bii. Ndidangoona nkhope yanga pagalasi. Komanso buluu ndi mtundu wa kunyanja. Munthu wa ku Nkhotakota akadaumva. Kuno mtundu wa chaka chathu ndi wa fodya wa bale wouma bwino, wofiirira ngati tiyi wothira mkaka pang'ono, ndi wa dothi la katondo. Palibe chikuto ngakhale chimodzi chimene chidaupatsa malo.

Pa zilembo m'pamene ndidakhalitsa, chifukwa Chichewa chili ndi zofuna zake zimene opanga zilembo kunja kuja sankaziganizira.

Mutu wa pathabwa ndi wa zilembo zonenepa, zachikasu, zokhala ndi mthunzi wakuda pansi ndi kumanja. N woyamba wapinda mchira wake n'kudutsa pansi pa mawu onse ngati chingwe cha ngolo. Chilembo a chilimo katatu, ndipo paliponse chaima mosiyana pang'ono, chifukwa dzanja la munthu siliponda pamodzimodzi kawiri. Chimene chidandigwira mtima ndi kamzere kolendewera pakati pa g ndi o. Mmisiriyo adakalemba kokhuthala, kopindika ngati nyanga ya thole. Nditapita pa boma Lachinayi ndidamupeza ali pamakwerero, akulemba dzina la sitolo ina, chitini cha utoto chili pachigongono.

"Bambo, kamzere kaja mudakakulitsiranji chonchija?"

Adayankha osatembenuka n'komwe. "Achimwene, kakasowa kameneko mwalemba mawu ena. Ng'oma timaimba. Ngoma timavina, kapena timakaiona ku paki."

Sadanamepo. Kamzereko si chokongoletsa. Ndi kamene kamasiyanitsa ng'oma ya pabwalo ndi ngoma ya Angoni kapena nyama ya m'nkhalango. Pa chikuto cha ku Lilongwe mutu udalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha, zopendekeka, zosongoka, zonyezimira ngati chitsulo, zofanana ndi za pa mafilimu a nkhondo. Mphamvu zili nazo, ndipo ngakhale m'kabokosi kaja zimawerengeka. Koma kamzere kaja kadatuluka koonda ngati tsitsi, kofinyika pakati pa G ndi O, ndipo chithunzi chitachepetsedwa kadazimirira. Padatsala NGOMBE. Wopanga zilembozo ankadziwa kamzereka monga ka m'Chingerezi, kamene kakasowa wowerenga amangopitirira. Kwa ife kamanyamula katundu: m'mudzi, n'chifukwa, pang'ono, ng'ona.

Nkhani ya ŵ ndi yosiyana, ndipo tiyenera kuiweruza mosamala. Mtundu wa zilembo umene mnyamata wa ku Lilongwe adasankha ulibe w wa katsindwi. Atayesa kumulemba padatuluka kabokosi kopanda kanthu, ndiye adangoika W wamba. Kodi pamenepo adalakwa? Malamulo a kalembedwe amene adatuluka ku Chichewa Board, bungwe lokhazikitsidwa mu 1972, adachivomereza chilembochi, ndipo m'nthawi ya Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu, dzina la dziko linkalembedwa Malaŵi m'mabuku ambiri. Lero nyuzipepala zambiri zidachisiya, ndipo inenso polemba nkhani ino sindikuchigwiritsa ntchito. Chikadalimo m'Buku Loyera, ndipo anansi athu olankhula Chitumbuka kumpoto kwa boma lino amachigwiritsa ntchito polemba mawu monga ŵanthu. Choncho amene walemba mawa ndi w wamba sadaphwanye kanthu. Koma mwana wa mlongo wanga adaika katsindwiko dala. Ndi momwe agogo ake amatchulira mawuwo, milomo itayandikana mofewa, ndipo iye ankafuna kuti mutu wa nthano umveke mawu a pakhomo. Kusiya chilembo mwa kufuna kwako ndi kalembedwe. Kuchisiya chifukwa makina alibe ndi kulola makina kukusankhira kalankhulidwe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala ake adali pafupi. Chilembo chomwechi chimapezeka m'chinenero cha ku Wales, motero mitundu yambiri ya zilembo za pakompyuta ili nacho. Ilipo mitundu ya Noto, imene kampani ya Google idapanga ndi cholinga chenichenicho chothetsa timabokosi topanda kanthu tija. Funso loti mawu athu avale zilembo zotani silidayambe ndi foni. Nolence Mwangwego adafika popanga zilembo zakezake za zinenero za ku Malawi, ntchito imene adaiyamba mu 1979 n'kuionetsa ku dziko mu 1997. Wojambula katuni sayenera kupita kutali choncho. Angolemba ng'ombe, maŵa, m'mudzi ndi n'chifukwa, n'kuchepetsa mawuwo mpaka kukula kwa kabokosi kaja, n'kuona ngati akadali Chichewa. Akapanda kutero, mtundu umenewo ausiye ngakhale ukongole bwanji.

Mpaka apa zikuoneka ngati burashi yagwetsa makina. Tsegulani m'kati mwa buku, muone zikutembenuka. Onse awiri adapereka chitsanzo cha momwe mawu a otengambali angalembedwere m'timabwalo tawo. Pa gawo lina mwini esiteti amauza bambo wa kamtsikana kaja kuti, "Sindidzakukongozaninso." Ndi liwu limodzi la zilembo 22. Mmisiri wa zikwangwani adalilemba ndi zilembo zake zonenepa zamthunzi, ndipo lidadzaza kabwalo konse n'kusefukira pankhope ya wolankhulayo. Dzanja lake lidazolowera mawu atatu oti awerengedwe ndi munthu wa pa kabaza. Kukambirana kwa anthu m'nthano si ntchito yake. Mnyamata wa ku Lilongwe nayenso poyamba adatsata mwambo wa makatuni a ku America wolemba zonse ndi zilembo zikuluzikulu. Mwambowo umayenda bwino ndi mawu afupiafupi a Chingerezi, koma liwu lathu lalitali likalembedwa choncho limakhala ngati mpanda wa bango: diso silipeza polowera. Adayesanso Comic Sans, mtundu umene Vincent Connare adapangira kampani ya Microsoft mu 1994 potengera kalembedwe ka m'makatuni. Ndi waubwenzi ndipo ana amauwerenga mosavuta, koma ndi wotambalala, umadya malo. Atasintha n'kuika zilembo wamba, zopanda zokometsera, zoonda pang'ono, zazikulu poyamba pokha, liwu lija lidakhala pansi bwinobwino m'kabwalo kake. Kusintha konseku kudamutengera mphindi zochepa. Pathabwa kukadafuna utoto woyera, kudikira kuti uume, ndi kuyambiranso. Pa mawu a m'kati, amene amalembedwa sabata ndi sabata ndipo amafuna kukonzedwa akalakwika, makina alibe mnzake.

Tsopano chizindikiro, chija achinyamata amati logo, chimene chimakhala m'kabwalo kakang'ono pafupi ndi dzina pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mmisiri adajambula tsamba la fodya, m'kati mwake mutu wa ng'ombe, mozungulira mutu wa nthano ndi dzina la wojambula. Litalowa m'kabwaloko, nsonga ya tsamba idadulidwa, mawu adasanduka nyerere, ndipo chotsalacho chidafanana ndi chizindikiro cha kampani yogula fodya. Mlongo wanga atachiona adaganiza kuti ndi uthenga wa alangizi. Cha ku Lilongwe ndi zilembo zitatu, N, Y ndi M, m'chishango chokhala ndi mphezi. N'chaukhondo, chimaoneka bwino ngakhale chichepe, koma sichinena kanthu. Chingakhale cha timu ya mpira, cha kwaya kapena cha sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto.

Pa nkhani imeneyi aphunzitsi tili nawo pakhomo pomwe. Belo lopita ku okushoni ya ku Chinkhoma limalembedwa nambala ya mlimi ndi zilembo zakuda zikuluzikulu pachiguduli. Palibe amene amajambulapo maluwa, chifukwa nambalayo iyenera kuwerengedwa ndi wokweza lole ndi kalaliki, m'fumbi, pakati pa mabelo ambirimbiri ofanana. Mphunzitsi wina ndi mbendera yathu. Dzuwa lofiira lotuluka pamzere wakuda lidakhala nafe kuyambira 1964; mu 2010 lidasinthidwa kukhala dzuwa loyera lathunthu, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo idabwezeretsa lakale. Kaya munthu adali mbali iti pa mkangano umenewo, phunziro lake ndi limodzi: anthu akachizolowera chizindikiro amachitenga ngati chawo, ndiye posankha usankhe chimene udzakhale nacho. Belo likuti chioneke patali, mbendera ikuti chikhalitse, ndipo zonse ziwiri zikuti chikhale chosavuta.

Ndidaitana ana anayi amene ankasewera phada kuseri kwa chigafa. Ndidawaonetsa zizindikiro ziwirizo kamodzi, n'kubisa foni, n'kuwauza kuti azijambule padothi ndi kamtengo. Chishango chidawakanika, tsamba lidatuluka ngati nsomba. Koma kamtsikana kena, m'malo mojambula zimene ndidakauza, kadalemba chilembo chimodzi chimene kadachiona pamutu wa pathabwa: w wa katsindwi kake. Nditafunsa kuti n'chiyani, kadayankha kuti ndi chigafa. Ndidayang'ananso padothipo. Denga pamwamba, nsanamira za mphanda pansi. Chilembo chimene makina adachikana chidali chitanyamula nthano yonse, ndipo ife akuluakulu tidali tisanachione.

Patsala nkhani ya ndalama ndi nthawi, chifukwa luso limadyanso. Thabwa lidafuna kugula, utoto udafuna kulipira, ndipo pa boma sitipita ulere. Mnyamata amene ndalama yake imabwera kamodzi pachaka, fodya akagulidwa, sangachite zimenezi Loweruka lililonse. Chikuto cha ku Lilongwe chidabwera chaulere, ndipo chingasinthidwe nthawi iliyonse. Koma chidamangidwa pa chikombole chimene chili pafoni ya aliyense amene ali ndi pulogalamu imeneyo, kotero mawa lomweli mungachione chitavala dzina la msonkhano wa achinyamata kapena la malo okonzera tsitsi. Ndipo mutu wa nthano sulembedwa sabata iliyonse. Umalembedwa kamodzi, n'kujambulidwa bwino, n'kusungidwa. Mtengo wake umagawika pa magawo onse amene adzabwere.

Sabata itatha ndidamuitana mwana wa mlongo wanga uja pamphasa pomwe paja. Ndidamuuza kuti kwa mnzake wa ku Lilongwe atengeko lamulo: nkhope imodzi, yaikulu, kumbuyo kopanda phokoso, ndi zilembo wamba za m'timabwalo. Koma nkhopeyo aijambule yekha, ikhale ya kamtsikana kamene owerenga ake akhala nako magawo khumi ndi awiri, ka tsitsi lometa ndi diresi la sukulu lofwifwa. Kwa mmisiri atengeko mutu, koma abwerere akamupemphe kuti aulembenso wopanda mthunzi, wachikasu chokhachokha pa mtundu wa fodya wouma, kamzere konga nyanga kaja kakhale momwemo. Chizindikiro chikhale ŵ yekha, wa dzanja la mmisiriyo.

"Amalume, ine ndinati musankhe chimodzi."

"Iwe, wakhala pamphasa pano mwezi wathunthu. Fodya timamugireda ndi belo kapena ndi tsamba?"

Sadakhutire, ndipo adali ndi mfundo. Kunena kuti tenga uku ndi uku nthawi zina ndi njira ya munthu woopa kukhumudwitsa wina. Ndiye ndidamuyankha mwachindunji: kukadakhala kuti palibe kusakaniza, ndikadatenga cha pathabwa. Chilema chake ndi kuchulukitsa, ndipo chochuluka umachikonza pochotsa: chotsa galu, chotsa nkhuku, chotsa mthunzi, sendeza kamtsikana patsogolo, zotsalazo ndi zoona zokhazokha. Chilema cha chinacho ndi kusowa kwawo, ndipo kuti uchikonze uyenera kusintha nkhope, mtundu, mutu ndi chizindikiro, mpaka potsala ndi kaimidwe kokha. Kaimidweko ndi kofunika, ndipo popanda iko thabwa lija likadafera m'kabokosi osaonedwa ndi munthu. Koma kaimidwe ungakaphunzire madzulo amodzi. Kudziwa kuti nsanamira ya chigafa imakhala ya mphanda, kapena kuti ng'oma si ngoma, kumafuna kuti ukhale pakati pa anthu ake.

Thabwa lija sitidalitaye. Mlongo wanga adalikhoma pakhonde, pafupi ndi pamene amayanika mbale. Odutsa popita kumjigo amaima, ndipo ana sachedwa kuipeza ng'ombe ya mumtambo. Amailoza ndi chala asanaone ngakhale phiri. Pamenepo lili pamalo pake, likugwira ntchito imene mwini wake amaidziwa. Chikuto chatsopano chidatumizidwa Loweruka lotsatira, jeke itangochoka pakhomo. Ndidachitsegula dala masana, nditaima pabwalo, kuwala kwa foni kuli kochepa. Mng'alu uja udadutsa pamphumi pa kamtsikanako, koma maso ake adaoneka, ndipo kamzere ka pakati pa g ndi o kadalipo.